Mwana wa M'chigafa

Kezia ankafuna nkhuni zomalizira kuphika ndiwo za alendo pamene anapeza chitseko cha chigafa cha fodya chitamangidwa ndi waya. Linali tsiku lalikulu pakhomo pawo, kufupi ndi Champhira, poti akuchimuna anali atabwera kudzakamba za malowolo a mwana wake wamkulu, Towera. M'chigafamo munkamveka kuphupha ngati kwa nkhuku yodulidwa khosi. Atamasula wayayo anapeza Taonga, mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, ali pa masaka, thupi lonse likugwedezeka, thovu lili kukamwa, diresi yonse mkodzo wokhawokha. Ntchentche zinali zitayamba kale kumutera m'maso.

Mavis, mlongo wake wa Yoram mwamuna wa Kezia, anatulukira ali wefuwefu. Manyazi analibe. Anati mwanayo anagwa m'mawa alendo akungofika, ndipo iye ndi Yoram anagwirizana zomusunga m'menemo. Kezia anayang'ana dzuwa, linali paliwombo.

"Zimasiya zokha izi, alamu," anatero Mavis. "Mbwenu mukufuna adziwe kuti pakhomo pano pali khunyu? Ng'ombe zibwerere?"

Matenda a Taonga sanali achilendo, ndipo mapiritsi a kuchipatala ankawagwira bwino. Koma miyezi iwiri m'mbuyomo Yoram anamuletsa kukatenga ena, ati poti NyaShaba, mayi a mnyamata wofunsirayo, amagulitsa nthochi pageti la chipatalapo, ndipo tsiku la odwala khunyu aliyense amalidziwa. Kezia anamvera, monga amachitira mkazi wofuna mtendere. Tsopano ankadzinyansa yekha.

Anabereka mwanayo. Yoram, atatchena jekete yake ya kutchalitchi, anamutchingira njira n'kumunong'oneza kuti adzere kuseri, m'munda. Kezia anadzera pabwalo penipeni. Alendo anasiya kutafuna. Wina anavundikira mbale yake ndi chipewa, wina anakokera mpando kutali poopa thovu. Azibambo asanu ndi mmodzi andevu zawo, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anaimirira.

Amene anaima pamsewu n'kuwanyamula anali Ishaka, wamalonda wa ku Mzimba boma, yemwe ankadutsa ndi kagalimoto kake kodzaza mbatata. Pachipatala chaching'ono anamubaya Taonga kawiri, osasiya kugwedezeka. Anamutumiza ku boma, kumene mankhwala achitatu, a m'diripi, anagwira dzuwa likulowa. Dokotala wake anali mayi wosazungulira polankhula. Anati kusiya mapiritsi mwadzidzidzi ndiko kunaputa zonsezi, malungo amene anawapeza m'magazi n'kungosonkhezera. Anatinso mwana akapitirira mphindi zisanu asanasiye kugwedezeka ndiye kuti n'zothamanga nazo, chifukwa kukomokako kukatenga maola mankhwala amavuta kugwira ndipo ubongo umaonongeka.

Taonga anatsitsimuka tsiku lachitatu. Dzanja lamanja linali lende, mawu onse atathawa. Mwana amene ankalongolola ngati wailesi ankangoyang'ana mayi ake, dovu likutsika.

Yoram anabwera tsiku lachisanu ndi buledi m'manja. Anangomuyang'ana mwanayo mwakuba, n'kuyamba nkhani imene inamuyendetsa: akuchimuna sanakane, choncho aliyense wofunsa azimuuza kuti anali malungo aakulu basi.

"Kubisa matenda, maliro adzaulula, bambo a Towera," anatero Kezia. "Maliro atiphonya pang'ono, koma taonani dzanja ili. Nalonso tilitsekere m'chigafa?"

Yoram anasiya buledi uja pabedi n'kutuluka.

Mwezi wotsatira, tsiku la odwala khunyu litakwana, Kezia anabereka Taonga osatsanzika munthu. Pageti sanazembe. Analunjika pabenchi la NyaShaba, nagula nthochi imodzi, nalankhula mokweza kuti ndi oyandikana nawo omwe amve.

"Tabwera kudzatenga mankhwala a khunyu, a mwana wangayu."

NyaShaba sanadzidzimuke. Anayang'ana dzanja lolendewera lija, napukusa mutu.

"Yewo, amama, koma nkhani yake si yachilendo. Zaka ziwiri ndakhala ndikukuonani pamzere uja mwezi ndi mwezi. Ine ndimadabwa chomene kuti mwasiyiranji kubwera."

Kezia anakhala pansi pafumbi pomwepo, namutsitsa Taonga, n'kuyamba kumusendera nthochi ija, poti yekha sakanatha.