Mpunga wa Amake Edina

Chiperoni chinayamba m'mamawa ndipo pofika masana chinali chisanaleke, kamvula kowaza kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Phiri la Chisi linali litabisika mu nkhungu. Gerishomo anakhala pakhonde atafunda bulangeti, mphepo ikumuwomba pamutu pomwe anamumeta dzulo lake, n'kumayang'ana mlamu wake Thomson akuyala mipando itatu pansi pa mtengo wa mango.

Mkazi wake Getrude anaikidwa Loweruka, ndipo pofika Lachitatu anthu a pamaliro anali atabalalika. Nanga mipandoyo inali ya ndani? Thomson, yemwe anali ndi golosale ku Songani ndiponso ndiye anali mwini mbumba, anali atavala jekete ndi baji ya chipani pachifuwa, zomwe sanavale ngakhale tsiku loika mlongo wake. Gerishomo sanafunse kanthu. Anali atakhala chikamwini pamudzipo zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mawu onse omwe analankhulapo pa bwalo la banjalo sakanadzaza ngakhale tsiku limodzi.

Galimoto inamveka ili kutali, ikubuula m'matope a njira ya ngolo. Itaima, munatuluka mwamuna wovala nsapato zonyezimira atanyamula chikwama cha mapepala. Gerishomo anamuzindikira. Anali Meshack, kalaliki wa kampani ina ya kunja yomwe inali ndi minda yoyeserera mbewu kusikimu ya mpunga.

Nkhani yomwe anadzera inayamba chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Madzi atabwerera, nthaka ya m'dambo inayera ndi mchere, ndipo mpunga wa anthu unkapsa uli kunazale. Wa Getrude wokha ndiwo unaima. Mbewuyo anabwera nayo agogo ake kuchokera kwa Apwitikizi atamanga pansalu, ndipo Getrude ankaisankha chaka ndi chaka, ngala imodziimodzi, akuyenda m'munda ndi kampeni dzuwa lisanatenthe. Mbiri inafika kwa mlangizi wa zaulimi, kuchoka apo inafika kukampani. Chaka chatha kunabwera mzungu wofufuza za mbewu, Meshack akumasulira. Anati kampani yawo imalimitsa mpunga m'maiko ambiri okhala ndi nthaka ya mchere, ndipo ankafuna kukakwatitsa mbewuyo ndi mbewu zawo ku Ulaya kuti ibwerenso ili yobereka kawiri. Getrude anawaphikira tiyi, nafunsa funso limodzi lokha: ikadzabwerako, munthu adzatha kusunga yake ya chaka chamawa? Meshack anayankha kuti idzakhala yogula chaka chilichonse. Getrude anati aganiza kaye. Anaganiza mpaka matenda anamutenga.

Meshack anapepesa maliro mwaulemu, nasiya paketi ya shuga m'manja mwa Edina, mwana wamkazi wa malemuyo. Kenaka anatulutsa pepala. Linkati banjalo lipereke mbewu yonse, lisasungeko kapena kugawirako wina mpaka kafukufuku atatha. M'malo mwake kampani idzabweretsa injini yopopa madzi, feteleza, ndi munthu wodzaphunzitsa ulimi wamakono. Mbewuyo inkayenera kukafika kubwalo la ndege la Chileka pofika Lachisanu.

Thomson analankhula nthawi yaitali. Anati injini yotere kulibe kuyambira ku Kachulu mpaka ku Domasi, anati boma likufuna chitukuko, ndipo potsiriza, akuyang'ana mbali ya khonde, anati masiku ano munthu wotsekereza chitukuko sachedwa kudziwika dzina.

"Amake Edina anakana," anatero Gerishomo.

"Sanakane, alamu. Anati aganiza. Tsono poti apita asanamalize, ndawamalizira ine." Thomson anakonza baji yake. "Inu mawa tikusudzulani, mukapume kwanu ku Kuntumanji. Njinga ndi ukonde n'zanu. Za patsindwi ndi za m'munda n'za mbumba."

Apa m'pamene Gerishomo anamvetsa chifukwa chake mwambo womwe ena amaudikira miyezi unkathamangitsidwa chonchi. Chomwe sankachidziwa n'chakuti ndani anauza akampani kuti Getrude wamwalira. Maso ake anagwera pa Edina. Mwanayo anafika sitandade eyiti, ankadziwa kulemba kalata ya Chingerezi, ndipo mwamuna wake Wilisoni anali atatha chaka akufunafuna ntchito kusikimu. Thomson ali kusaina, Edina anatengera Meshack kuseri kwa galimoto, nayamba kulankhula naye motsitsa m'Chingerezi. Anafunsa kanthu, Meshack anayankha, Edina anagwedeza mutu ngati munthu wokhutira.

Ndi Edina yemweyo amene anagubuduzira mtondo m'nyumba, nakwerapo, nayamba kutsitsa mitolo ya ngala yomwe inkalendewera patsindwi. Inalipo khumi ndi iwiri, yomangidwa bwino ndi luzi, ngala zake zolemera, njere zonenepa. Meshack anafikisa ngala imodzi m'manja, nauzira mankhusu, nafunsa ngati mpungawo unalidi womwewo. Thomson anaseka, nati iye anakulira mpunga umenewo, angausokoneze bwanji? Edina anati mitoloyo anamanga ndi amayi ake ndi manja awo. Meshack anatembenukira kukhonde.

"Nanga bambo, mukuti bwanji?"

"Ine ndine msodzi," anatero Gerishomo.

Anali msodzi ndithu, koma mitoloyo ankaidziwa. Unali mpunga wa kampani yomweyo, womwe anagawa zaka zitatu zapitazo. Getrude ankaulima kandime kamodzi chaka chilichonse n'kuupachika poonekera kuti mlangizi akalowa m'nyumba asakanene kuboma kuti pali mayi wokana mbewu zatsopano. Thomson anasiya kuwerama m'munda ali mnyamata, Meshack anakulira ku Limbe. Onse awiri ankaganiza kuti mpunga wotchuka uyenera kukhala wokongola. Mbewu yeniyeni inali yaing'ono, yofiirira, yosasangalatsa m'maso, ndipo Getrude ankaisunga yopuntha kale, yosakaniza ndi phulusa, mumtsuko wong'aluka kukamwa womwe unkakhala kuseri kwa chitseko atauvindikira ndi dengu lakutha.

Anatsekera mitoloyo m'bokosi la malata, dalaivala naikamonso kathumba kena komwe Gerishomo sanaone komwe kanachokera. Thomson anakwera nawo kuti akawasiye pamsewu waukulu. Galimoto itangokhota, Gerishomo analowa m'nyumba navundukula dengu lija. Mumtsuko munali phulusa lokha pansi.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Ndiye kuti mitolo ija inali yomutseka iye m'maso, mbewu yeniyeni inapita m'kathumba kaja? Edina ankaudziwa mtsukowo kuyambira ali kamwana. Kunja ankamumva akutsuka makapu a alendo, akuuza mkazi wina kuti chiperoni chikapitirira nkhuni zivuta. Mawu ake anali osalala ngati palibe chomwe chachitika. Madzulo atabweretsa chakudya, Gerishomo anatembenukira kukhoma. Edina anadikira pang'ono, navindikira mbale, natuluka.

M'mawa mwake kunacha kuli mitambo koma mvula italeka. Mwambo sunatenge nthawi. Azakhali awiri a malemuyo anathokoza Gerishomo kuti anasunga mwana wawo bwino, sanamumenyepo, sanamugonetsepo ndi njala, ndipo tsopano anali womasuka. Thomson anawonjezera kuti pakhomopo mpawo, azibwera kudzaona zidzukulu. Katundu wake anamutulutsira pabwalo: njinga, bulangeti, Baibulo, nkhafi ziwiri ndi thumba la ukonde. Thomson analowa m'nyumba nazungulira kawiri, kuonetsetsa kuti mkamwini sanatenge khasu kapena mphika wa mbumba. Thumba la ukonde sanalikhudze. Linkanunkha matemba, ndipo iye anali mujekete.

Edina anamangirira yekha thumbalo pakaliyala, nati aperekeza bambo ake mpaka pamphambano. Ananyamuka, Gerishomo akukankha njinga, mwana wake ali pambuyo. Anadutsa tchalitchi, anadutsa manda osayang'anako. Njingayo inkakokera kumbuyo, ndipo pamchenga tayala linkamira kuposa masiku onse, koma iye anangoti ndi ukalamba. Atafika pa migwalangwa pomwe njira ya ku Kuntumanji imasiyana ndi ya kunyanja, anaima.

"Bwerera," anatero. "Wilisoni akayambe bwino ntchito."

Edina anamuyang'ana, maso akufiira, koma sanalire. "Ababa, ukonde wanu munaunyamulapo kangati? Unayamba liti kulemera chonchi?"

Gerishomo anatsamiritsa njinga pamtengo namasula chingwe. Pansi pa ukonde panali nsalu yakale ya Getrude yomangidwa mfundo ziwiri. Anapisamo dzanja, ndipo linatuluka lotuwa ndi phulusa, njere zazing'ono zofiirira zitakanirira pakati pa zala.

Edina anafotokoza mofulumira, akuyang'anayang'ana kumbuyo. Amene analemba kalata kukampani anali amalume ake, amayi akadali kuchipatala ku Zomba. Iye anakhuthula mtsuko tsiku loika maliro, ataona amalumewo akusuzumira m'nkhokwe anthu ali kumanda, ndipo malo okhawo omwe mwini mbumba sakanafufuza anali katundu wa munthu wosudzulidwa. Kuseri kwa galimoto ankafunsa ngati mzungu uja adzaone mitoloyo isanakwere ndege. Meshack anati ayi, mzunguyo ali kale kwawo, bokosi likatsegulidwa komweko. Kathumba kaja munali nsomba zouma zomwe dalaivala anagula.

"Bwanji osandiuza?"

"Nkhope yanu, ababa. Mukadakhala mukudziwa, mukadadya dzulo. Amalume akadaona."

Gerishomo anaweramitsa mutu. Anapukuta dzanja pabuluku.

Edina anati nkhani sinathe. Ku Ulayako akampani akaudzala mpungawo, ndipo chaka chisanathe adzazindikira kuti aoloka nyanja ndi mpunga wawo womwe. Adzabweranso, ulendo uno mwina ndi achinyamata a chipani. Adzayamba ndi nyumba ya Edina yemweyo, kenaka adzalondola ku Kuntumanji. Mbewu ikakhala pamalo amodzi adzaipeza. Gerishomo anati akaikumbira pansi mumtsuko, koma anawonjeza kuti kwawoko makoswe ndi ochuluka kuposa kuno, ndipo ngakhale kuno ankamuthera pafupifupi theka la mbewu chaka chilichonse.

Edina anaseka, kuseka koyamba chimwalirireni amayi ake, mpaka anagwira chishalo cha njinga.

"Makoswe ake ati, ababa?"

"Amene ndinkatchera misampha."

"Munagwirapo angati pamtsuko paja?"

Gerishomo anaganiza. Anali atagula misampha ku Songani, anaweta amphaka atatu motsatizana, chaka china anamata mtsukowo ndi dothi. Sanakumbukire khoswe ngakhale mmodzi.

Edina anati khosweyo anali iyeyo. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, bambo ake ali ku Chisi kokapha matemba, amayi ankamutuma ndi kapu ya malata kwa amayi omwe nazale yawo inapsa, kapena omwe anadya mbewu yawo nthawi ya njala. Lamulo linali lakuti athire m'lichero la pakhonde n'kuchoka osaodira, kuti munthu asachite manyazi othokoza. Amayi ankaopa kuwauza bambo chifukwa akanati mbewu ichepa. Ndiye akabwera kunyanja n'kuyamba kutukwana makoswe, amayi ankathandizira kutukwanako.

"Ankawatukwana kuposa ine," anatero Gerishomo pang'onopang'ono.

"Amayi onse a m'mbali mwa dambo akudziwa. Ndinu nokha."

"Nanga bwanji akampani sanapite kwa iwowo?"

Edina anati ambiri ankausakaniza ndi mpunga wina m'munda, ena ankaudya chaka chovuta podziwa kuti kapu ibweranso. Wosankhidwa bwino unali wa m'nsalumo basi, ndipo tsopano wobweretsa kapu kunalibe. Akauzidwa zimenezo, adzausamala.

Gerishomo anayang'ana njira ya ku Kuntumanji. Kumeneko kunali mlongo wake, nyumba youma ndi moto. Anayang'ananso nsalu ija. Akanatha kuisunga yonse, osachotsapo njere, n'kumaitsegula akamusowa mkazi wake. Anamanganso mfundo imodzi, ina naisiya.

"Maina," anatero.

Edina anawatchula akuwerenga pa zala: Estere wa pafupi ndi mjigo, Sophia mkazi wa malemu Lameki, amake Rajabu kuseri kwa mzikiti, Christina wa kudoko, ndi ena asanu ndi awiri mpaka kukafika ku Kachulu. Bambo ake anawabwereza kamodzi osalakwitsa. Kenaka Edina anamasula kapu ya malata yomwe anaimangirira m'chiuno mkati mwa chitenje, yophwanyika m'mbali, yopanda chogwirira, naiika pamwamba pa ukonde. Anati wina wa iwo adzamubwezera iye kapu imodzi zinthu zikadzazizira.

Gerishomo anamuuza kuti abwerere asanamufunefune. Anadikira mpaka mwanayo atabisika kuseri kwa migwalangwa, natembenuza njinga kulowera njira ya kunyanja. Kwa Estere anapeza chitseko chili chotseka, nkhuku zikupalasa pabwalo, lichero lili pakhonde. Anatunga kapu imodzi yodzaza bwino, nathira m'licheromo, nalivindikira ndi beseni kuti nkhuku zisafike, nakankha njinga kupita kwa Sophia.