Mpando wa a Chibwe

Gwendoline Nkhoma ankaphunzitsa kalasi imodzimodzi teremu iliyonse pa yunivesite ya ku Foggy Bottom ku Amereka, moti mawu ake omwe anali atayamba kumutopetsa. Phunzirolo linali la anzeru a ku Ulaya a zaka mazana angapo zapitazo, amene anayamba kunena kuti mfumu siitsika kumwamba, kuti munthu amabadwa ndi ufulu umene sanachite kupatsidwa ndi wina, ndiponso kuti boma limakhalapo chifukwa olamulidwawo alivomereza. Ophunzira ankalemba pa malaputopu awo, kenaka wina n'kufunsa ngati zimenezo zibwera pa mayeso. Gwendoline akaweruka ankakwera sitima ya Metro mpaka ku New Carrollton, n'kutenga galimoto yake kupita kunyumba ku Lanham, mapazi akuwawa.

Ku Lanham kunali bungwe la Amalawi ndi Azambiya lotchedwa Tigwirane, ndipo mwini mpando wake anali a Ferdinand Chibwe. Anali bambo wa ku Chipata amene anakulira ku Lusaka, ndipo anafika ku Amereka kalekale, anthu olankhula Chinyanja ali ochepa kwambiri kuno. Ndiwo ankachingamira alendo ku bwalo la ndege. Gwendoline nayenso, atangofika kuchokera ku Dedza kudzaphunzira, anagona m'chipinda cha pansi kunyumba kwawo mpaka atapeza pokhala. Munthu akamwalira, foni yoyamba inkapita kwa a Chibwe. Palibe amene anawasankha. Anangoyamba, anthu n'kuwatsatira.

Koma ukalamba unawaumitsa mtima. Mayi wina, Mable, atawatsutsa pa mitingi, anamuchotsa pa gulu la pafoni la bungwelo osafunsa munthu. Lamlungu lotsatira, Christopher, mwamuna wa ku Zomba amene ankagwira ntchito ya unesi, anaimitsa Gwendoline panja pa tchalitchi.

"Achemwali, inu mumaphunzitsa ana a eni dziko za ufulu sabata yonse," anatero. "Nanga ife abale anu? Tilembereni malamulo. Tikufuna chisankho."

"Ine ndatopa, Christopher."

"Tonse tatopa. Koma wodziwa zimenezi ndinu."

Gwendoline anawalemba malamulowo, ndipo sanali aatali. Wapampando azisankhidwa ndi mamembala mwachinsinsi. Mphamvu zigawidwe: wapampando aziyendetsa ntchito, komiti izivomereza kapena kukana, ndipo pakhale akuluakulu ena omva madandaulo. Munthu asachotsedwe asanamvedwe mbali yake.

Mitingi inachitika Loweruka masana mu holo ya tchalitchi, hita ikulira koma osatenthetsa. A Chibwe anabwera atavala suti yawo ya imvi, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pa ndodo. Kenaka anaimirira pang'onopang'ono.

"Ba Gwendoline, nifunseko chabe. Ninalakwa chani?"

"Ababa, nkhani si yoti mwalakwa," anayankha. "Anthu amene ndimaphunzitsa maganizo awo ankati ngakhale wolamulira wabwino afunika malire, chifukwa mawa adzatopa, kapena adzakwiya, kapena pampandopo padzakhala wina woipa. Ankati munthu aliyense ali ndi nzeru zoti n'kuweruza zimene zikumukhudza."

"Anzeru amenewo nawadziwa," anatero a Chibwe. "Si ndiwo ankalemba za ufulu uku zombo zikutenga anthu akuda?"

"Ndi omwewo. Ena mwa iwo ankapindula nawo malonda amenewo." Kenaka Gwendoline anapitiriza, "Koma mawuwo anawapitirira eni ake. Akapolo anawatola n'kuwagwiritsa ntchito. Amayi anga sanawerengepo za anzeru amenewa, koma mu 1993 anandigwira padzanja n'kukaima pamzere kuti akasankhe nyali ya zipani zambiri. Anati akufuna aziti akatopa ndi munthu, amuuze popanda kusowa."

A Chibwe anayang'ana anthu amene anadzaza holoyo. Ambiri anagonapo kunyumba kwawo. Palibe amene anawayang'ana m'maso.

"Chabwino," anatero. "Manje votani."

Malamulowo anadutsa. Vuto linabuka pofuna munthu wopikisana ndi a Chibwe pa chisankho. Christopher anati mashifiti ake sangamulole. Mable anati ana. Wina anati akusamukira ku Texas. Anthu amene anafuula kwambiri za chisankho ankangoyang'ana mafoni awo, mpaka Mable anakweza dzanja n'kutchula dzina la Gwendoline. Iye anakana kawiri. Kachitatu Christopher anati, "Mukakana inu, ndiye kuti tangowanyoza chabe akuluwa," ndipo Gwendoline anavomera chifukwa analibenso mphamvu zokana.

Pa chisankhocho Gwendoline anapambana ndi mavoti ochepa. A Chibwe anabwera kudzamugwira chanza ndi manja awiri, anavala chipewa, n'kutuluka osadikira chakudya.

Kuyambira pamenepo foni ya Gwendoline sinapumenso. Inkalira ali mu sitima, inkalira akuchonga mapepala a ophunzira. Wina galimoto yamufera pa msewu waukulu. Wina mwana wake wamangidwa. Awiri akangana za amene aphike pa chikondwerero cha ufulu, poti Amalawi ankafuna cha mu Julaye ndipo Azambiya cha mu Okutobala. Mitingi ya komiti inkatalika, aliyense akufuna kumvedwa, ndipo anali ndi ufulu womvedwa chifukwa Gwendoline yemweyo ndiye analemba choncho.

Atalema nazo, anapempha komiti kuti a Chibwe apatsidwe udindo wa mlangizi. Ankafuna thandizo, komanso zinkamupweteka kuwaona atakhala kumbuyo m'tchalitchi ngati mlendo.

"Ayi," anatero Christopher. "Akalowera pakhomo la kumbuyo, chaka chamawa tidzapeza ali pampando pomwe paja."

"Ndi munthu amene anatilandira tonsefe."

"Sindikukana. Koma wapampando sangapange udindo watsopano payekha. Munalemba ndinu."

Anavota, ndipo Gwendoline anagonja. Anafuna kukwiya, koma anapeza kuti palibe womukwiyira. Lolemba lake anaima kutsogolo kwa kalasi n'kufotokoza chifukwa chake mphamvu ziyenera kugawidwa kuti ina iziletsa inzake. Mtsikana wina anafunsa ngati dongosolo lotero silichedwetsa zinthu. "Limachedwetsa," anayankha. "Analipanga kuti lizichedwetsa." Anakhala pansi, zimene sankachita akamaphunzitsa.

Masamba atayamba kuthothoka m'mitengo, kunagwa maliro ku Manassas. Mwamuna wa mayi Lenifa a m'bungwelo, dalaivala wa mathiraki, anakomoka pa ntchito ndipo sanadzukenso. Gwendoline anaimitsa kalasi yake n'kuyendetsa galimoto kupita kumeneko. Nyumba inali yodzaza, nsapato zili mbwee pakhomo. Azimayi anakhala pa kapeti akuimba motsitsa mawu. Azibambo anali m'chipinda chodyera, ndipo pakati pawo, pa mpando wapulasitiki, panali a Chibwe. Munthu wina anali atawatengako, poti maso awo sankawalolanso kuyendetsa mtunda wautali.

Mayi Lenifa atatuluka kuchipinda, anadutsa Gwendoline n'kukagwada pafupi ndi a Chibwe.

"Ababa, nditani ine? Kwawo akufuna thupi lipite. Ana akuti bambo awo aikidwe konkuno."

A Chibwe anaika dzanja paphewa la mayiyo.

"Pepani, mayi. Ine nabwera kulira chabe. Wapampando ali apo."

Sanalankhule monyoza. Gwendoline anagwada pambali pa mayi Lenifa, ndipo kwa nthawi yaitali anamvetsera. Anaitana ana awiri a malemuwo, amene ankamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chingerezi. Anaimbira achimwene a malemu ku Ntcheu, foni ikuduladula. Sanagamule kanthu. Anangoonetsetsa kuti aliyense wanena zakukhosi, ndipo pamapeto pake mayi Lenifa okha ndiwo ananena kuti amuna awo apita kwawo, ana adzaperekeza. Mwana wamkazi analira n'kutuluka panja. Gwendoline sanadziwe ngati zinatha bwino kapena ayi.

Pobwerera anawatenga a Chibwe, popeza onse ankapita ku Lanham. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo magalimoto anali atathinana pa msewu wa 66, akuyenda pang'ono n'kuima.

"Mwaonda," anatero a Chibwe.

"Sindikugona mokwanira."

"Ine nigona bwino masiku ano. Amai kunyumba akuti nayamba kunenepa." Anaseka pang'ono, kenaka anayang'ana kunja. "Koma nyumba yazizira. Kale foni inali kulira."

Gwendoline anafuna kuwauza za voti ya mu komiti ija, koma anaona kuti ingowapweteka.

"Mable uja," anapitiriza a Chibwe, "sininachite bwino. Ninamuuza."

"Anandiuza kuti munamuimbira."

Galimoto ya kutsogolo inasuntha, iwonso anasuntha, n'kuimanso.

"Nifunseko. Malamulo anu aja, alola munthu amene analuza kuimanso?"

"Amalola, ababa. Membala aliyense."

"Ndiye chaka chamawa niima. Nizapita nyumba ndi nyumba kupempha voti, monga achitira kuno. Sininapemphepo munthu chinthu chotere, koma nizaphunzira."

"Christopher adzakutsutsani."

"Atsutse. Kapena aime yekha, tione." Anatembenuka kumuyang'ana. "Nanga imwe, muzaimanso?"

Gwendoline anapukusa mutu, kenaka anaganiza za Mable, ndi za anthu ena amene tsopano ankalankhula pa mitingi popanda kuyang'ana kaye nkhope ya munthu.

"Sindikudziwa," anatero. "Mundifunse ndikagona."

Foni yake inayamba kulira m'chikwama pa mpando wakumbuyo. A Chibwe anatambasula dzanja mwachizolowezi, kenaka analibweza n'kuliika pa bondo. Inalira mpaka inasiya, ndipo patangopita kanthawi inayambanso.