Amphaka Akuda Alipo Awiri

Banja lili pa chakudya chamadzulo, mayi anamva mphaka akulira kubafa. Kumeneko n'kumene ankatsekera mphaka wodwala shuga kuti adye chakudya chake chapadera, asamabe cha anzake.

Atatsegula chitseko, mtima unawapsa. Munali mphaka wina, wathanzi lake, atakhuta mpaka kulephera kuyenda.

"Bambo a ana, mwatsekera uti?"

"Wakuda uja."

"Akuda alipo awiri! Wodwalayo si uyo akunyambita mbale za anzake?"

"Nanga ndidziwa bwanji? Onse amangoti miyau."

"Ndiye masiku onsewa mwakhala mukunenepetsa wakubayu, mnzake akungowonda!"

Mawa lake m'mawa, mayi anadula kansalu kofiira n'kumanga m'khosi mwa wodwalayo, bambo atamugwira miyendo.