Mchombo Pansi pa Chingwe

Tinenenji analota khoti litabwera lokha kunyumba kwawo ku Bangwe. Linalowa pageti ndi mabenchi ake n'kukhazikika pabwalo. Woweruza anakhala padenga, miyendo ili lende, mkanjo wake wakuda utaphimba mawindo.

Mlandu unali womwe uja wa masiku onse. Nyumbayo inalembedwa mayina awiri, la bambo ake a Chidzanja ndi la mayi ake a Nangondo, ndipo banja litatha palibe amene analola kutuluka. Bambo anaima chakugeti, mayi chakukhitchini. Tinenenji anali pakati, mu yunifolomu imene anavula atalemba mayeso a Folomu 4.

"Igawidwe pakati," anatero woweruza.

Mmisiri anakhoma zikhomo nakoka chingwe. Chingwecho chinalowa m'nyumba ngati mpeni m'papaya. Sofa inang'ambika osadandaula. Mpopi unapita kwa bambo, madzi ake kwa mayi. Mtengo wa mapeyala, mizu kwa uyu, mthunzi kwa uyo. Analimbirana chilichonse, mpaka tsache linakweza mawu.

"Ine ndinatha kale, Bwana. Andisiye."

Analigawabe.

"Chatsala n'chiyani?" anafunsa woweruza.

"Mwana, Bwana," anayankha mmisiri.

Bambo anayang'ana nsapato zawo. Mayi anayamba kumanga chitenje chimene chinali chomanga kale.

"Ndikumvetsera, a Chidzanja," anatero woweruza.

"Bwana, mwana ndi wa kuchikazi. Ndi mwambo umenewo, sindinaupange ine."

"Mwambo mwaudziwa lero?" anatero mayi. "Dzina akuyendera ndi la yani? Nanga mphuno imeneyo ndi ya kwathu? Tamuonani nonse."

Onse anamuona. Tinenenji anaphimba mphuno ndi dzanja.

"Mwana ndi wa pamene panakwiriridwa mchombo wake," anatero woweruza. "Abwere amene anakwirira."

Chitseko cha bafa chinatseguka, ndipo m'katimo munkayenda mtsinje. Anawoloka a Nasiyaya, azamba amene anamwalira Tinenenji ali kupulayimale, khasu lili paphewa. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa theka la sofa. Kenako anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pachingwe penipeni.

"Apa."

Atakumba, mchombo unalipo, wokulunga m'kansalu ka maluwa, ukadali wauwisi, ukupuma. Bambo anaukankha ndi nsapato kuti ugwere kwa mayi. Unabwerera. Mayi anaukankha ndi chala cha kuphazi. Unabwereranso.

"Ndinauika pakati pa puloti kuti akhale wa nonse," anatero azamba. "Munandiuza nokha, muli chisekereseke." Atatero anabwerera kumtsinje, natseka chitseko.

"Ndiye kuti mwanayu ndi wa malire," anatero woweruza. "Pamalire pamamangidwa mpanda. Mlandu watha."

Tinenenji anali ataiwala kuti makolo ake amatha kugwirira ntchito limodzi. Bambo anavula jekete n'kumatuta njerwa. Mayi ankasakaniza simenti ndi mchenga, akung'ung'udza nyimbo ya kumvano.

"Landirani, amayi a Tine."

"Zikomo, abambo. Samalani msana."

Tinenenji zinamukomera mumtima, ndipo zimenezi n'zimene amachita nazo manyazi mpaka lero.

"Imani mowongoka, achemwali," anatero mmisiri, "mpanda ungapindike."

Anawongoka. Iye sakonda kuvutitsa anthu. Njerwa zinafika m'mawondo, zinafika m'chiuno, zinafika pachifuwa. Zinali zofunda ngati bulangeti loanika padzuwa. Zitafika pachibwano mmisiri anaima, simenti ikudontha pachipande chake.

"Ndisiye kabowo ka maso?"

"Kayang'ane kuti?" anafunsa mayi.

"Kwanu, mayi."

"Iyayi. Mbali yanga kulowa anthu a lendi. Angamaope."

"Ndiye kwa bambo."

"Akazi anga atsopano ndi oyembekezera," anatero bambo. "Safunika zodzidzimutsa."

"Ndizitsinzina," anatero Tinenenji. "Sindiziyang'ana munthu."

Mawu ake anatuluka aang'ono monga mwa masiku onse, ndipo anagwera m'simenti. Njerwa yomaliza bambo anaipukuta ndi mpango wa m'thumba. Mayi anaigwirira mbali inayo. Anaikweza onse awiri, mosamala, ngati akunyamula khanda.

Tinenenji anadzuka dzuwa litakwera kale. Panja lole inkatsitsa njerwa, ndipo munthu wina ankakhoma chikhomo pansi pa windo lake. Mayi anakankha chitseko osagogoda.

"Iwe Tine, tadzuka. Amisiri akuti chingwe chikudutsa pabedi pakopo. Ulichotse."

"Ndiliike mbali iti, amayi?"

Mayi anagwira chitenje, nayamba kuchimanga.

"Ukawafunse abambo ako."