Chimbudzi cha Makatoni

Tsiku limene anabweretsa chimbudzi cha makatoni, ine ndinali nditasintha kale kawiri, teni koloko isanakwane.

Ndimasoka zovala mu shopu yachisanu ya nyumba yathu ya mashopu, moyang'anana ndi bambo osoka nsapato omwe tonse timangowaitana kuti a Zidendene. Zimbudzi zathu zakale zinali ziwiri, cha amuna ndi cha akazi, ndipo zonse zinali zitatopa. Eni nyumba anaganiza zogumula n'kumanga tizipinda tinayi totsatizana, toti aliyense azilowa momwe muli mopanda munthu, kaya mwamuna kaya mkazi. Masinki awiri ndi bini limodzi anakonza zoziika panja pa tizipindato, poyera, pamene aliyense wodutsa m'khonde angaone.

Nditaona pulaniyo pakhoma, ndinadziwa kuti ndili pamavuto. Chibadwire mwana wanga miyezi isanu yapitayo, thupi langa silinabwerere m'chimake. Ndikatsokomola, ndikaseka, ndikanyamula mpukutu wa nsalu, mkodzo umangotuluka wokha. Ndimavala mapadi, ndipo ndimasintha kanayi kapena kasanu patsiku. Odziwa anali amuna anga ndi anamwino basi. M'chimbudzi chakale cha akazi munali kampopi pakona, ndiye ndikatseka chitseko ndinkadzitsuka bwinobwino. Koma bini munalibe. Ndinkaponya mapadiwo m'chimbudzi momwemo n'kugujumula, ndikupemphera kuti apite.

Sankapita. Mapaipi anatsekeka katatu, ndipo wodzatsegula anali alamu anga, akulu awo a amuna anga, omwe ndi pulambala wa nyumbayo. Ankavuula zinthuzo ndi waya akulalatira "akazi osaleredwa bwino", akamaliza n'kusamba m'manja, n'kudutsa pashopu panga kudzaseweretsa mwana.

Mayi ojambula mapulani, omwe eni nyumba anawalemba ntchito, anali ndi kachitidwe kawokawo. Ankati pepala limanama, choncho asanasainitse pulani ankayamba aimika chinthucho ndi makatoni kuti anthu alowemo. M'mawa umenewo anamata tepi yachikasu pansi m'khonde, n'kuimika makatoni a mafiriji kukhala makoma ndi chitseko. Mpando wa chimbudzi unali ndowa yovundikira. Sinki inali beseni pa tebulo, panja. Anatiitana tonse a m'mashopu, n'kunena kuti eni nyumba asaina masana omwewo ndipo ikasainidwa basi, sisinthanso.

A Zidendene ndi amene anayamba. Analowa, n'kukhala pa ndowa, n'kufuula kuti, "Nyuzipepala ili kuti? Ine sindikhala chimanjamanja!"

Anthu anaseka. Ine ndinapana miyendo, sindinaseke.

"Mutu wanu ukuoneka, bambo," anatero mayi a mapulani, akulemba m'kabuku.

"Dazi langa ndi laulere, aliyense aone."

Kenako maso a mayiwo anagwera pa ine. Ndinali nditaima kumbuyo kwa onse, mwana ali kumsana.

"Achemwali, inu muli ndi mwana. Tabwerani mutiyesere."

"Ayi, ena ayese."

"Pitani, alamu," anatero alamu anga, tepi yoyezera ili m'manja. "Mukuopa katoni? Saluma."

Ndinapita. Ndinakankha chitseko, ndinalowa, koma potembenuka kuti nditseke, chitsekocho chinagunda mutu wa mwana. Anali katoni chabe, mwana sanadzuke n'komwe, koma azimayi onse anati "Mayo!" pamodzi.

"Mwaona?" anatero mayi a mapulani. "Chitseko chizitsegukira kunja. Ndalemba. Tsopano tiyerekeze kuti mwamaliza. Tulukani, mukasambe m'manja, ngati muli ndi chotaya mutaye m'bini umo."

Ndinayang'ana beseni lija. Linali pakati pa a Zidendene ndi alamu anga. Ndinadziona ndikutuluka kasanu patsiku, kanthu kokulunga m'pepala kali m'manja, siketi yonyowa kumbuyo, abambo akusamba m'manja pambali panga. Ndinadziwa kuti sindidzatha. Ndidzabwerera kuponya m'paipi, kapena ndidzatseka shopu n'kukhala kunyumba.

"Bini likhale panja pomwepo," anatero alamu anga. "Poyera. Mwina akamaonedwa adzaphunzira ulemu. Inu simukudziwa zimene ndimavuula m'mapaipi muno."

"Musatiuze, tisanadye," anatero a Zidendene.

Ine ndinangoimabe m'kati. Mayi a mapulani anandiyang'ana kanthawi, kenako analowa m'katoni muja n'kutseka chitseko. Tinapanikizana awiriwiri, mwana pakati pa msana wanga ndi khoma.

"Chavuta n'chiyani, achemwali? Nenani, tili awiri."

Chitseko chinali chotseka. Makoma anali atanditchinga mbali zonse, sindinkaona nkhope ya munthu aliyense. Mutu wanga unangovomera kuti ndili m'chipinda. Ndinaiwala kuti pamwamba panali pululu, ndiponso kuti khomalo linali lopyapyala ngati chikuto cha kope.

Ndinanena zonse. Za kutsokomola, za mapadi asanu patsiku, za kampopi ka pakona kamene kankandisunga pantchito. Ndinati ndikufuna madzi m'kati, ndi bini la chivindikiro m'kati, ndi kashelefu kogonekapo mwana, chifukwa ndimachita zonsezi ali kumsana. Mawu atayamba kutuluka sanafunenso kuima.

"Mapaipi aja ndinkatseka ndine," ndinatero. "Katatu konse. Chonde alamu anga asamve."

Ndipamene ndinazindikira kuti m'khonde munali zii. Palibe amene ankaseka, palibe ankakhosomola. Ndinamva ngakhale kulira kwa firiji ya mu shopu yoyamba. Mayi a mapulani anayang'ana m'mwamba, pamene panayenera kukhala denga, n'kugwira pakamwa.

"Pepani," ananong'ona. "Kulakwa n'kwanga. Ndanena kuti tili awiri."

Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Ndipo chifukwa thupi langa silidziwa nthawi, pomwepo ndinamva mkodzo wofunda ukutsikira m'miyendo.

Mayiwo anatuluka okha n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo. Ndinawamva akung'amba tepi pansi, mawu awo atasintha, ali a ntchito okhaokha.

"Makoma afike kudenga, zitseko zifike pansi. Bini m'kachipinda kalikonse. Kachipinda kakumapeto tikakulitse, mukhale sinki yakeyake ndi shelefu. A pulambala, paipi ingafike kumeneko?"

Ndinamva tepi yoyezera ya alamu anga ikutambasuka, kenako ikubwerera, thwa.

"Ifika," anatero. "Pangofunika chigongono chimodzi cha paipi."

"Nanga tonse tizilowa momwemo?" anafunsa mayi wa saluni. "Chifukwa si mmodzi yekha amene anabereka m'nyumba muno."

Ndinamva cholembera chikuyenda papepala.

"Ine kasitomala akundidikira," anatero a Zidendene, omwe sanakhalepo ndi kasitomala m'mawa chiyambire. "Tiyeni, anthuni, tiyeni. Mwaima ngati pali ngozi."

Mapazi anayamba kuchoka, awiriawiri. Ine ndinakhala pa ndowa ija, ndinamasula mwana, ndinamuyamwitsa ngakhale sanalire. Ndinawerenga zilembo za pa katoni, zonena mbali yoyenera kuloza kumwamba, mpaka ndinaziloweza.

Pansi pa chitseko panatsala nsapato ziwiri zokha, zakuda, zothimbirira ndi simenti. Ndinazidziwa.

"Alamu," anatero, osayandikira.

Ndinangoyang'ana nsapatozo.

"Ine ndikupita kukagula mapaipi. Ndichedwako ndithu. M'khonde muno mulibe munthu."

Nsapato zija zinachoka. Ndinadikirabe mpaka phokoso lake litazimiririka pa masitepe. Kenako ndinabereka mwana, ndinamanga juzi m'chiuno kuti itchinge kumbuyo, n'kutsegula chitseko cha katoni. Pansi, tepi yachikasu inali itasunthidwa kale, ndipo pakona pa kachipinda kakumapeto panali pojambulidwa ndi choko kabokosi kakang'ono, m'kati mwake atalemba kuti sinki.

Ndinadutsa pashopu ya a Zidendene maso ali pansi. Iwonso anali ataweramira nsapato imene ankaikhoma ndi mphamvu zosafunikira.