Banga la pa Kauntala

Bala ya muhotelo ina ya ku Doha sinamangidwe komweko. Inabwera m'makontena kuchokera ku Mangalande, thabwa lililonse lili ndi nambala yake: kauntala ya mtengo wofiirira, magalasi ogobedwa maluwa, matailosi obiriwira a m'khoma, ndi chitsulo chachikasu chopondapo mapazi. Akuti inali nyumba yomweramo mowa ya m'zaka za m'ma 1880.

Wickson anaipukuta zaka zinayi. Koma alendo atayamba kubwera masana kudzangoona chipindacho, amanejala anasankha Edwin, amene anali atangotha miyezi isanu, kuti aziwaonetsa. Chizungu chake chinali choterera. Anampatsanso jekete.

Wickson ankamvetsera ali chogwada, kansanza kali m'manja. Edwin ankatembenuza timagalasi ta pamwamba pa kauntala n'kumafotokoza kuti mabwana akale ankabisala kuseri kwake kuti antchito asawaone akumwa. Alendo ankaseka, ena kumujambula. Nkhani imeneyo anamuuza ndi Wickson yemweyo, m'basi yochokera ku Umm Ghuwailina, kumene ankagona.

"Madala, mwandikwiyira kapena?" Edwin anafunsa tsiku lina.

"Ndikwiyirenji? Pakamwa ndi panu, manja ndi anga."

Kumapeto kwa kauntala kunali banga lakuda, lolowa m'kati pang'ono, losamva sopo. Wickson linkamuchititsa manyazi. Kwawo ku Zomba kalipentala wosiya banga lotere amasekedwa ndi msika wonse. Lachisanu m'mawa, hotelo ili zii, anakabwereka sandipepa ndi vanishi. Aone amanejala kuti wosamala chipindachi ndani. Pofika masana malowo ankanyezimira ngati thabwa ladzulo.

Amanejala anafika, nasisita pamalopo ndi chala. Kenaka analankhula mothamanga kwambiri moti Wickson anangotolapo mawu amodzi, khalas, kutanthauza kuti basi, zatha.

"Akuti chiyani?" Wickson anafunsa Edwin, amene anali pomwepo.

Edwin anayang'ana pansi. "Akuti silinali litsiro, madala. Ndi zigongono za anthu, zaka zoposa zana akutsamira pamenepo. Akuti mwini hotelo anaikonda kauntalayi chifukwa cha pomwepo."

"Ndiye?"

"Kuyambira mawa muzikasesa kumagalimoto, pansi. Muno ndizipukuta ndine."

Wickson anapinda kansanza kake bwinobwino, nakaika pa kauntala. Ali pakhomo, Edwin anamuitana.

"Madala, chitsulochi mumapaka chiyani kuti chiziwala chonchi?"

"Afunseni alendo anu," anatero Wickson, natsika masitepe.