Kamtima ka pa Dashibodi

Lachisanu m'mawa, Amakeke ali kalikiliki kupaka kirimu pa keke, anamva geti likugogodwa ngati kwabuka moto. Anathamanga supuni ili m'manja. Atatsegula anapeza aneba awo, mayi woyendetsa basi ya m'tauni, ataima ndi mwendo umodzi, nsapato inayo ili m'manja. Kunsi kwa nsapatoyo kunali bii!

"Mwadzuka bwanji anzanga? Pepani ndakudzidzimutsani, koma taonani izi," anatero anebawo. "Galimoto yanu ikudontha oyilo pakanjira pathupa. Aliyense akaponda akukalowa naye m'nyumba. Khonde langa ndakolopa mpaka msana wauma."

Amakeke anasuzumira. Nyumba ziwirizi zinali ndi kanjira kamodzi ka simenti kotulukira kumsewu, ndipo galimotoyo inkagona pomwepo chifukwa geti la Amakeke linali lopapatiza. Pansi pake panalidi chithaphwi chakuda chachikulu ngati mbale. Koma tsiku limenelo Amakeke sanali munthu womva za zithaphwi.

Muwamvetse mayiwa. Dzina loti Amakeke anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa kwa zaka zambiri ankaphika makeke n'kumakapereka kwa eni ake atawanyamula pamiyendo m'minibasi. Keke ina inafika itapendekeka, ina inafika ndi chidindo cha chigongono cha kondakitala pakati penipeni. Ndiye atagula kagalimoto kawokawo, kakale ndithu koma kowala, chimwemwe chake sichinali chamasewera. Ankakatsuka m'mawa, kukapukuta masana, madzulo n'kukasisita padenga ngati mwana wakhoza mayeso.

Kuwonjezera apo, mawa lake kunali ukwati waukulu kuholo ya pamwamba pa chitunda, kutsidya kwa tauni. Keke yosanjikiza katatu imene inali patebulo inali ya ukwati umenewo, ndipo Amakeke anali asanalandirepo oda yaikulu chotere. Mayi a mkwatibwi anali atanenetsa kuti keke isachedwe ngakhale pang'ono. Ikafika bwino, holo yonse idziwa dzina la Amakeke. Ikapanda kufika, dzina lomwelo lidziwikabe, koma mwamanyazi.

"Aneba, timadontho timeneti mpaka kugogoda geti chonchi?" anatero Amakeke. "Ndikolopa ndikamaliza keke."

"Za khonde langa zisiyeni kaye," anayankha anebawo. "Oyilo ali pansiyu akuchoka mu injini. Akamachuluka pansi, ndiye kuti m'katimo akutha. Kodi sikanayakepo kanyali kofiira pa dashibodi? Kooneka ngati kaketulo kakudontha?"

"Kofiira kalipo ndi kamtima kokha kamene anamatapo bambo akunyumba kuno," anatero Amakeke akumwetulira monyada.

Amuna awo, amene anali telala, anali pakhonde akusoka. Makina anaima mwadzidzidzi.

"Galimoto yakale ndi choncho, mayi!" anafuula atelalawo. "Imatuluka thukuta ngati munthu!" Anaseka kwambiri, koma anaseka okha.

Anebawo anayang'ana atelala, anayang'ananso galimoto, kenako anavala nsapato yawo. "Chabwino. Ine lero sindikupita ku ntchito, ndili pakhomo. Koma mawu awa musawataye. Kanyali kameneko kakayaka, imani pambali n'kuzimitsa injini pompo. Osati mukafike kaye kunyumba, ayi. Pompo!"

Geti litatsekedwa, Amakeke anatsonya. "Nsanje basi! Munthu kuyendetsa chibasi cha eni ake, ndiye aziona ngati galimoto zonse ndi zake."

Za kamtimako nkhani yake inali yotere. Kanali kasitika kofiira, kamodzi mwa timene Amakeke ankamata pa makatoni a keke. Tsiku lina m'mawa anakapeza katamatidwa pa galasi la dashibodi, pambali pa muvi woonetsa liwiro. Mtima wawo unasungunuka. Bambo amene chikwatiranirane sanaguleko ngakhale duwa limodzi, lero wayamba kumata timitima! Tsiku limenelo anawaphikira kakeke kawokawo, ndipo atelala anadya osafunsa kuti n'kachiyani.

Dzuwa lili paliwombo, shuga wokongoletsera keke anatha. Amakeke anatola makiyi kuti akagule wina, analiza galimoto, anatsegula wailesi n'kuyamba kuimba nawo. Koma akukhota kulowa mumsewu, khutu lawo linagwira kaphokoso kachilendo. Anazimitsa wailesi. Ku injini kunkamveka kuti tiki-tiki-tiki. Kaphokoso kameneka ankakadziwa bwino, chifukwa makina osokera a amuna awo ankalira chomwecho akauma oyilo.

Maso awo anagwera pa kamtima kaja. M'mbali mwake munkawala ngati khala lobisala m'phulusa. Anakakanda ndi chikhadabo, kanamatuka, ndipo pansi pake panali kaketulo kakuyaka kuti psuu!

"Mayo ine!"

Anakhotera pambali n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Anachita mantha. Anaganiza za chitunda cha mawa, za keke, za nkhope ya mayi a mkwatibwi. Kenako anakumbukira kutsonya kuja, ndipo manyazi anawagwira. Koma manyazi anapha lambe. Anatsika n'kuthamangira kwa aneba, epuloni ikuuluka.

"Aneba! Aneba inu! Kayaka! Kaketulo kanu kaja kayaka!"

Anebawo anatuluka ali ndi sanza m'manja, ngati ankangodikira. "Mwazimitsa?"

"Pompo!"

"Ndiye mwachita bwino kwambiri. Tiyeni."

Atelala nawo anabwera m'mbuyo, tepi ili m'khosi, akuyenda ngati munthu wopita kukazula dzino. Atatuwo anakankhira galimoto pamalo osatsetsereka. Anebawo anati adikire kaye pang'ono kuti injini izizire ndipo oyilo atsikire pansi. Kenako anatsegula boneti.

"Ine sindigwira, muchite nokha," anebawo anauza Amakeke. "Mukukaona kachitsulo ka mphete yachikasuko? Ndi koyezera oyilo. Kasololeni. Kapukuteni ndi sanzayi. Kabwezereni mpaka kumapeto, ndiye mukasololenso. Eya! Tsopano onani kunsonga kwake. Pali timizere tiwiri. Oyilo ayenera kufika pakati pa timizereto."

Amakeke anakweza kachitsuloko kudzuwa. Kanali gwa, kouma, kupatula kadontho kamodzi kunsonga kwenikweni.

"Ha! Ndiye ndimayenda ndi chiyani ine?"

"Ndi mwayi basi," anatero anebawo. "M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimakhulana mothamanga kwambiri. Oyilo ndiye amazifewetsa. Akatha zimatentha n'kugwirana, injini yafa. Kanyali kaja ndi pakamwa pa galimoto, kamakuuzani zinthu zisanafike poipa. Tsono kamtimaka kanakhala bwanji pamwamba pake?"

Amayi awiriwo anatembenuka pamodzi. Atelala anayamba kupinda tepi yawo mosamala kwambiri.

"Kanayamba kuphethira sabata yatha," anatero ndi mawu apansipansi. "Makamaka pamakona. Kankandithobwa m'maso. Ndiye poona mmene mukusangalalira ndi galimotoyi, ndinati ndikakuuzani mukhumudwa. Ndinati tiona ukwati ukatha."

Amakeke anagwira m'chiuno. "Ndiye kamtima kaja sikanali ka chikondi?"

"Chikondi chinalimo ndithu, mayi, kungoti..."

"Mubweze kakeke kanga kaja! Mubweze pompano!"

Anebawo anaseka mpaka kutsamira galimoto. Amakeke anayesa kulimbitsa nkhope, koma poona amuna awo atagwira kasitika kopindikako ngati mwana wagwidwa ndi shuga m'manja, nawonso anaphulika kuseka.

"Bambo, wobisa matenda maliro amamuulula," anatero anebawo akupukuta misozi. "Makina anu osokera akayamba kulira, mumatseka makutu ndi thonje?"

"Ayi, ndimathira oyilo," anavomera atelala. Kenako nkhope yawo inawala. "Ndiye basi, ndithamange ndikagule, tithire, nkhani yatha!"

"Kuthira kokha sikokwanira," anatero anebawo. "Ayi. Ndowa yobooka simungoidzaza, mumamata kaye. Tiitane amakaniko aone podonthera, ndipo galimotoyi isalizidwenso mpaka iwo afike."

Anaimba foni, ndipo posakhalitsa amakaniko anatulukira pa njinga yamoto ali ndi zida zawo komanso oyilo woyenera galimotoyo. Anaikweza, anaichirikiza bwinobwino ndi zitsulo, n'kulowa pansi. Amakeke ankangozungulira, ulendo wina kukasuzumira keke, ulendo wina kubwerera kumsewu.

"Ndapapeza!" anafuula amakaniko. Anatuluka atanyamula kamphete kophwatalala. "Kawashala aka ka pa bawuti lotsekera oyilo katha ntchito. Kanthu kochepachepa, koma ndi kamene kamadonthetsa."

Anaika katsopano, anamanga, anathira oyilo, ndipo Amakeke anayeza okha mpaka anaona wafika pakati pa timizere tija. Amakaniko anawauza kuti alize. Amakeke anapotokola kiyi atatseka diso limodzi. Tinyali tonse ta pa dashibodi tinayaka, injini inalira, ndipo tonse tinazima, kaketulo komwe. Aliyense anatchera khutu. Tiki-tiki uja kunalibe.

"Yapulumuka!" anakuwa Amakeke. Anadumpha n'kuwakumbatira aneba aja, kirimu wa pa epuloni n'kuwapaka pa bulauzi.

"Mwachita mwayi kuti munazimitsa msanga," anatero amakaniko. "Pa chitunda cha kuholo chija galimotoyi ikanafera pakati, ndipo lero tikanamakamba za injini ina."

Panatsala chithaphwi cha pakanjira. Atelala, pofuna kukonza mbiri yawo, anabwera ndi ndowa yamadzi kuti achikokolorere m'ngalande.

"Imani bambo!" anatero anebawo. "Oyilo akalowa m'ngalande amakathera kumtsinje, kumene anzathu amachapa ndi kuthirira mbewu. Thiranipo mchenga kapena utuchi, umwe oyiloyo, kenako musese."

Atelala anathira mchenga, anaupondaponda, anasesa n'kuika m'chitini chimene amakaniko anapita nacho. Atatero anatenga sopo ndi bulashi n'kukakwecha khonde la aneba mpaka linati mbee, popanda wowatuma.

Loweruka m'mawa anthu a mumsewumo anaona zachilendo. Amakeke, atatchena diresi la ku ukwati, anayala thumba pansi, anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto.

"Pouma!" anafuula. Anatsegula boneti, anayeza oyilo, anayang'ana mlingo wa madzi injini isanatenthe, anazungulira kuona matayala onse. Anebawo anali pampanda akugwedeza mutu.

"Ine basi yanga sindiitulutsa ndisanachite zimenezi," anatero. "Pitani bwino anzanga!"

Atelala anakhala kumbuyo atachirikiza katoni ya keke ndi manja awiri, osaloledwa ngakhale kuyetsemula. Pofika pa chitunda paja Amakeke anagwiritsa chiwongolero. Diso linali pamsewu, kenako pa dashibodi, kenako pamsewu. Kagalimoto kanakwera bwinobwino osatsokomola, ndipo atafika pamwamba Amakeke analiza hutala mpaka amuna awo anadzidzimuka.

Keke inalowa m'holo alendo asanakhale n'komwe, ili chilili, maluwa ake onse ali m'malo. Anthu anaizungulira ndi mafoni. Mayi a mkwatibwi anagwira pakamwa, kenako anawakoka Amakeke n'kuvina nawo pakhomo pomwepo. Azimayi angapo anawatsatira mpaka pa galimoto kupempha nambala.

Madzulo ake geti la aneba linagogodwa. Panja panali Amakeke ndi kakatoni ka keke, pamwamba pake atamatapo kamtima kofiira.

"Aka ndi ka chikondi chenicheni, sikakubisa kanthu," anatero. "Dzulo ndinakunenani kuti muli ndi nsanje. Mundikhululukire, aneba. Mukanapanda kugogoda geti lija, lero ndikanakhala ndikulira pakati pa chitunda, keke ikusungunuka."

"Iii, zatha zimenezo," anatero anebawo akulandira. "Kanjiraka n'kathu tonse. Lowani timwe tiyi."

Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wogula galimoto mumsewumo amalandira uphungu wa Amakeke, afune asafune. Musananyamuke, suzumirani pansi ngati padontha kanthu. Yezani oyilo ndi madzi injini ili yozizira, ndipo onani matayala. Kanyali kofiira ka oyilo kakayaka, imani pambali, zimitsani injini, itanani makaniko. Osakabisa, osazengereza. Oyilo wotayika muwoleni ndi mchenga, asalowe m'ngalande. Ndipo mnansi akabwera ndi dandaulo, mumvereni kaye musanatsonye, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.